Tsiku Limene Galimoto ya a Geresomo Inakana Kulira

A Geresomo ndi alamu anga, amuna a mng'ono wanga Esinala, ndipo ndineneretu kuti sindiwawerengera. Anthu ena amati ndimadana nawo. Sindidana nawo ayi, chidani chimafuna nthawi ndi mphamvu, ndipo ine ndili ndi nsomba zoti ndigulitse pamsika wa Bangula. Ndikakumana nawo ndimawapatsa moni monga mwa mwambo, iwo n'kuyankha, ine n'kumapita.

Anabadwira m'mudzi wina kumtunda kwa Bangula, mtunda wa theka la ola panjinga yamoto kuchoka pamsewu wa tala. Sukulu analekezera Sitandade 6, n'kukalowa ntchito ku esiteti ya nzimbe. Kumeneko anakhalako zaka makumi awiri ndi ziwiri akutsuka mathirakitala. Ntchito yake inali payipi m'manja, burashi, ndi matope mpaka m'mawondo. Si ntchito yochititsa manyazi, ndipo akanakhala kuti amaitchula dzina lake ndikanawalemekeza. Koma muwafunse lero, akuuzani kuti anali ku galaja, mainjini onse a pa esiteti ankadutsa m'manja mwawo. Zoona ankadutsadi, koma akupita kwa amakaniko. Popuma ntchito anabwerako ndi ovolosi yabuluu ndi sipanala ya nambala teni, imene imakhala m'thumba la pachifuwa ngakhale popita kutchalitchi.

Anzawo amene anapuma nawo limodzi anagula ng'ombe, ena malata. Iwo anagula galimoto yoyera, yakale, yomwe inali itatopa kale ndi misewu ya kunja isanafike n'kuno komwe. Inali ya otomatiki. Ankati ya magiya ndi ya madalaivala aganyu, mabwana amangoponda basi. Tsiku limene anafika nayo m'mudzi ana anaithamangira, amayi analuluta, ndipo kuyambira pamenepo a Geresomo anasiya kuyankha moni wa munthu wa panjinga yakapalasa.

Galimotoyo siinkayenda kwenikweni, chifukwa mafuta sagulidwa ndi matama. Inkakhala pansi pa mtengo wa nimu, iwo n'kumaipukuta m'mawa uliwonse. Chimene chinkagwira ntchito ndi batire lake. M'mudzimo mulibe magetsi, ndiye dzuwa likapendeka a Geresomo ankatsegula boneti, kumasula batire ndi sipanala ija, n'kulinyamula pachifuwa kulowa nalo m'nyumba. Linkayatsa kanema wa mpira, kutchaja mafoni a theka la mudzi, ndipo aliyense wobwera ndi foni ankayenera kuyamba wamvera kaye nkhani za ku galaja. Pobweza batire m'galimoto, zomangira zake zinali zitakula ndi kumasulamasula, moti ankazikhomerera ndi mwala. Galimoto ankailiza kamphindi pansi pa mtengo pomwepo, n'kunena kuti batire ladzaza.

Ndiye panali nkhani ya madzi. Madzi a m'mijigo ya kwathu kuno aliyense amawadziwa, ndi amchere. Sopo sachita thovu, nyemba zimachedwa kupsa, mlendo akamwa amakwinya nkhope. Madzi a m'batire akatsika, a Geresomo ankatenga kapu, kutunga mumtsuko wa Esinala, n'kuthira. Sebastiano, bambo amene amatchaja ndi kukonza mabatire kuseri kwa msika wa Bangula, anawauza ine ndili pompo kuti agule madzi ake a m'botolo, kapena atchere amvula m'beseni loyera. Iwo anaseka, n'kumufunsa Sebastiano kuti wagwirapo mathirakitala angati.

Esinala ndi munthu wofatsa, wofatsa mpaka kupsetsa mtima. Kwathu ndi ku Marka, kumalire, ndipo a Geresomo anamulowola ndi ng'ombe zitatu zimene sanaleke kuzitchula kufikira lero. Mkazi wolowoledwa sangonyamuka kupita kwawo mwamuna asanalole, zimenezo tonse timazidziwa, koma amuna anzeru amalola. Galimoto isanabwere Esinala ankakwera minibasi katatu pachaka kukaona amayi. Itabwera galimoto maulendo anatha. Mkazi wa mwini galimoto sakwera minibasi, anatero alamu anga, ndipo mafuta okafikira ku Marka ankapezeka mwezi wamawa nthawi zonse. Zinatha zaka ziwiri Esinala asanaone amayi.

Ine ndinkapitako mwezi ndi mwezi, nditanyamula milamba youma, shuga ndi sopo. Ndisanatule n'komwe katundu, amayi ankafunsa kuti, “Nanga Esinala?” Esinala ndi mzime, ndipo amayi sankabisa kuti mtima wawo uli kwa iye. Zinkandiwawa, sindinama. Ndinkayankha kuti ali bwino, abwera.

Linali Lachiwiri, mwezi wa Okutobala, pamene mchimwene wathu Paulo anaimba foni m'mawa ndikuyala nsomba pabenchi.

“Achemwali, amayi awagoneka kuchipatala cha ku boma ku Nsanje. Adokotala akuti abale abwere lero, osati mawa. Amayi akungotchula Esinala.”

Ndinasiyira mnzanga benchi, ndinakwera njinga yamoto, ndipo seveni koloko isanakwane ndinali pakhomo pa a Geresomo. Paulo anali atamuimbira kale Esinala. Ndinamupeza atavala, atakhala pakhonde, pamiyendo pali basiketi yokhala ndi fulasiki ya phala la amayi. Wanjinga ndinamuuza kuti adikire, atitenge tonse awiri mpaka pamsewu.

A Geresomo anatuluka atavala ovolosi. “Alamu, khazikani mtima pansi. Ola limodzi tafika ku Nsanje.” Anatembenukira wanjinga uja. “Iwe mphwanga, pita ukasake makasitomala ena. Pano pali galimoto.”

Wanjinga anapita. Apa ndiye pamene ine ndinalakwitsa, ndinayenera kumugwira malaya.

Batire linali m'nyumba, popeza dzulo lake kunali mpira. Analinyamula, kuliika, kulikhomerera ndi mwala. Tinakwera, ine kumbuyo, Esinala kutsogolo atafungatira basiketi. Anapotokola kiyi. Galimoto inangoti tseke tseke tseke, tinyali ta patsogolo pa dalaivala n'kuthima. Anayesanso, zomwezo. Anadina hutala, inalira ngati mbuzi yodwala.

“Ndi batire, alamu,” ndinatero. Munthu amene wakwera maminibasi a Bangula zaka makumi awiri amadziwa kaliridwe kameneko.

“Alamu, injini si nsomba. Batire ndalithira madzi dzana lomweli. Ndi sitata iyi.”

Anayala saka pansi, analowa kunsi kwa galimoto, n'kuyamba kugogoda chitsulo ndi sipanala. Chimene ankagogodacho ndikukayika ngati chinali sitata. Anatuluka, kuyesa kiyi, tseke tseke. Kenaka anati mafuta akhala pansi, tonse titsike tiigwedeze. Tinaigwedeza. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, kukapukuta paovolosi, kukayang'anitsitsa padzuwa nthawi yaitali, n'kukabwezera. Anthu anali atayamba kusonkhana, ndipo ndinaona kuti alamu anga ayamba kusangalala. Ankalankhula mokweza, akufotokozera khamulo dzina la chitsulo chilichonse.

Eyiti koloko itadutsa anavomera kuti mwina ndi batire, koma osati kuti lafa. Anati lazizidwa. Mwezi wa Okutobala, kuchigwa kuno, kumene nkhuku zimayenda zitayasama, batire la a Geresomo linali litazizidwa. Analimasula, anakwera nalo pampando, n'kuliika padenga la malata kuti liwothere dzuwa, monga timachitira ndi mabatire a wailesi. Anthu akuluakulu, amano m'kamwa, tinakhala theka la ola tikuyang'ana batire padenga.

Paulo anaimbanso. Ndinamupatsa Esinala foni. Anamvetsera, anangoti, “Tikubwera, achimwene, galimoto ikukonzedwa,” n'kundibwezera.

Batire linatsika padenga likutentha, linabwerera m'galimoto, mwala unagwira ntchito yake. Ulendo uno ngakhale tseke tseke uja sanamveke.

“Tiikankhe,” anatero a Geresomo.

Amuna asanu ndi mmodzi anavula malaya. Anaikankha kuchoka pamtengo wa nimu mpaka pabwalo la sukulu, iwo ali m'kati akupotokola kiyi, akukuwa kuti awonjezere liwiro. Anaikankhanso kubwerera. Pobwera ulendo wachiwiri, a Augustino, aphunzitsi oyandikana nawo nyumba, anatuluka m'kalasi n'kuwauza mwaulemu kuti galimoto ya otomatiki siilira ndi kukankha, ngakhale ataikankha mpaka ku Chikwawa. Anati kunyumba kwawo kuli batire la sola lodzaza, alibweretse ndi mawaya ayese kujampa.

Koma a Augustino ndi a Geresomo sankalankhulana bwino chiyambire pamene mbuzi ya aphunzitsiwo inakwera paboneti.

“Batire la sola m'galimoto yanga? Nkhabe, sizitheka. Aphunzitsi, bwererani kwa ana anu.”

Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kumuimbira Sebastiano ndekha. Anafika cha m'ma teni panjinga yake yamoto. Anagwira chomangira cha batire, chinazungulira ndi chala chimodzi. Anakanda zoyerayera zimene zinaundana pamitu yake. Kenaka anatsegula zivindikiro, anasuzumira m'bowo lililonse, n'kuweramuka.

“Madala, madzi munathira muno ndi ati?”

“Madzi ndi madzi.”

“A pamjigo?”

A Geresomo anayamba kupukuta sipanala.

“Batire ili lafa,” anatero Sebastiano. “Mchere walidya m'kati, ndiye mumalikamanso ndi kanema. Olo mulitchaje sabata yathunthu silisunga moto. Ndili nalo lina kushopu lolowa bwino pano, koma ndangoliika patchaja, lidzaza cha m'ma wanu koloko. Amayi awiriwa ndiwatenge pano ndikawasiye pamsewu. Minibasi za ku Nsanje zikudutsa pafupipafupi.”

Esinala anaimirira, basiketi ili m'manja. Anali atayenda kale masitepe atatu.

“Mayi a Leah, khalani pansi,” anatero a Geresomo, pomutchula Esinala ndi dzina la mwana wawo.

Anaima.

“Anthu a ku Marka adzati chiyani? Mkamwini ali ndi galimoto, mwana wawo n'kufika kuchipatala atapanikizana ndi madengu a nsomba? Ndinapereka ng'ombe kumeneko ine. Ndikakutsitsani ndekha pageti, onse akuona. Wanu koloko si kutali.”

Ndinawapempha. Ine amene sindipempha munthu, ndinagwada pafumbi pamaso pa mudzi wonse, ndinati alamu, amayi akufa, mwana wawo apite, inu mutipeza. Anandiyang'ana mokoma mtima, ndipo zimenezo ndiye zinandinyansa koposa. Anati akazi timachita phuma, achipatala amakonda kuopseza anthu, amayi ndi olimba. Pamenepo ndinadzuka n'kuwauza zimene ndinasunga zaka zambiri, kuti anali wotsuka matayala, kuti galimoto yawo ndi khola la makoswe, ndi zina zimene sindingalembe. Sizinathandize kanthu, zinangowapatsa chifukwa chokhalira ouma khosi.

“Esinala, tiye,” ndinatero.

Anayang'ana ine, anayang'ana amuna ake, anayang'ana anthu. Kenaka anabwerera pakhonde n'kukhala pansi. Ndinamukwiyira iyenso, ndipo mkwiyo umenewo sunathe msanga. Anatulutsa fulasiki mubasiketi n'kundipatsa.

“Achemwali, mukawauze kuti ndili m'njira.”

Sebastiano anandisiya pamsewu, minibasi inabwera mphindi khumi zisanathe. Inaima paliponse monga mwa masiku onse, komabe wanu koloko ndinali m'wodi.

Amayi anali atachepa kwambiri pabedipo. Paulo anandinong'oneza kuti kuyambira dzulo maso awo sakuonanso bwino, akungozindikira mdima ndi kuwala. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwagwira dzanja. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono.

“Esinala?”

Paulo anandiyang'ana. Uthenga unali pakamwa, woti ali m'njira. Koma ndinamva mmene zala zawo zinandifinyira, ndipo ndinadziwa kuti alibe maola odikirira batire.

“Ndine, amayi. Ndabwera.”

“Takhuta, mwananga. Takhuta.” Anathokoza choncho m'chilankhulo cha kwathu, anasisita dzanja langa, analikokera pafupi ndi nkhope yawo. “Manja akununkha nsomba ngati a mkulu wako.”

“Ndimawathandiza pamsika, amayi.”

“Wachita bwino. Mkulu wako ndi wolimba, sasowa munthu. Iwe ndi amene ndimakudandaula. Amakusunga bwino kumeneko?”

Ndinati amandisunga bwino. Ndinatsegula fulasiki, phala linali likadali lofunda, anamwa masipuni awiri n'kunena kuti ndi phala la Esinala ndithu, losalala. Anandiuza kuti nsalu yawo yobiriwira ili m'sutukesi ndi yanga, ndisalole wina aitenge. Sanafunse kuti ine, Priscilla, ndili kuti. Ndinakhala pamenepo ndikuyankhira dzina la mng'ono wanga mpaka anasiya kulankhula. Anatisiya itangodutsa fili koloko, dzanja langa lili m'manja mwawo.

Galimoto inafika folo koloko itadutsa. Tinaimva tili pakhonde la wodi, chifukwa inaliza hutala pageti katatu, mwamphamvu. Sebastiano anandiuza pambuyo pake kuti atangoika batire lake, kupukuta mitu ndi kumanga bwino, inalira kamodzi n'kamodzi, ndipo alamu anga anauza anthu kuti ndi zimene ankanena kuyambira m'mawa. Anachedwanso chifukwa anayamba asamba, kusintha zovala, ndi kupukuta fumbi la okankha aja.

Anatsika atavala jekete, anazungulira kukamutsegulira Esinala chitseko, chinthu chimene sanachitepo chikwatirane. Esinala sanadikire. Anaona nkhope ya Paulo, anaona ine ndavula mpango kumutu n'kuumanga m'chiuno monga timachitira tikaferedwa, n'kukhala pansi pomwepo pamiyala ya pabwalo la chipatala. A Geresomo anamugwira Paulo dzanja, anapepesa, ndipo mpweya womwewo anayamba kumufotokozera kuti mabatire a masiku ano ndi achinyengo. Paulo anangochotsa dzanja lake n'kupita kukasaka bokosi.

Tinaika maliro tsiku lotsatira ku Marka, chifukwa kutentha kwa kuno sikulola kudikira. A Geresomo anaimika galimoto pamalo poonekera, ndipo pamene azibambo anakhala pansi pa mtengo ndinkawamva akuphunzitsa anthu kasamalidwe ka batire. Ankawachenjeza kuti asamathiremo madzi a pamjigo.

Titabwera kumanda, ine ndi Esinala tinali kuseri kwa nyumba ya amayi tikutsuka mbale. Sitinali titalankhulana chichokere ku Nsanje. Anayamba ndi iye, osandiyang'ana.

“Achemwali, anandifunsa?”

“Anakufunsa.”

“Munawauza kuti ndili m'njira?”

“Ayi. Ndinawauza kuti wabwera. Maso sankaona. Anagwira dzanja langa, ndinati ndine Esinala.”

Anasiya mbale m'madzi. Ndinkaganiza kuti alira kapena andikalipira, koma anangondifunsanso.

“Ndiye anandiuza chiyani?”

Ndinamuuza zonse mmene zinalili, za phala, za nsalu yobiriwira, ndi funso lija loti amamusunga bwino. Anandifunsa kuti ndinayankha chiyani, ndinamuuza. Anandipempha kuti ndibwereze kuyambira poyamba, ndinabwereza.

Kutsogolo kwa nyumba galimoto inalira. Patapita kanthawi a Geresomo anatulukira pakona, kiyi ali kuchala.

“Mayi a Leah, tiyeni. Tinyamuke kukadali kowala, Sebastiano akufuna batire lake lero.”

Esinala anatola mbale ina n'kuyamba kuitsuka.

“Pitani. Ine ndatsala.”

Anabwereza kawiri, anatchula ng'ombe zija, anayang'ana uku ndi uku ngati pali amene akumva. Esinala sanadzutse mutu. Mapeto ake anapita okha, ndipo aka kanali koyamba m'zaka makumi awiri ndi zisanu kuti mng'ono wanga awakanire amuna ake kanthu.

Anakhala ku Marka mwezi wathunthu. M'mawa uliwonse ankasesa pabwalo, kutunga madzi, kutsegula zenera la kuchipinda kwa amayi n'kuyala bedi lawo. Paulo anandiuza kuti masiku ena ankamumva akulankhula yekha m'chipindamo, akuyankha funso lija.